Kodi kufooka kwangaku ndi kuchepa kwa testosterone, ndipo ndibaye jakisoni amene mnzanga akugulitsa?

Mlonda wa ku Ntcheu

Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa za thupi la munthu, chifukwa nkhani imene ndili nayo sindingathe kuikamba pamaso pa anzanga amene ndimakhala nawo nyumba imodzi. Ndili ndi zaka 41, ndipo kwa zaka zisanu ndi chimodzi tsopano ndakhala ndikugwira ntchito yaulonda mu mzinda wa Johannesburg, kawirikawiri usiku, kuyambira 6 koloko madzulo mpaka 6 koloko m'mawa. Kuyambira chaka chatha thupi langa lasintha. Ndimadzuka ndili wotopa ngati sindinagone n'komwe, mimba yakula moti lamba ndamusuntha mabowo awiri, ndipo chimene chikundisowetsa mtendere koposa n'chakuti chilakolako cha m'banja chazirala. Nditapita kumudzi pa Khirisimasi, mayi a kunyumba anaona okha kusinthako, ndipo ngakhale sanandifunse kanthu, nkhope yawo inandiuza kuti akuganiza kuti mwina ndapeza wina kuno. Tili ndi ana awiri, ndipo tinagwirizana kuti tikhale ndi wachitatu zaka zisanapite patali.

Mnzanga wina wa kuntchito, amene amanyamula zitsulo masana, akuti vuto langa ndi testosterone, homoni ya amuna, imene yatsika, ndipo akufuna kundigulitsa mankhwala amene iye amadzibaya pantchafu sabata iliyonse. Anandionetsa kabotolo kakang'ono ngati chala, muli timadzi tonga mafuta ophikira, ndipo zolembedwa pakabotolopo zili m'chiyankhulo chimene tonse awiri sitichidziwa. Thupi lake ndi lojintcha ndithu, zimenezo sindingakane. Koma masiku ano sachedwa kupsa mtima, moti mwezi watha anatsala pang'ono kumenyana ndi woyendetsa takisi chifukwa cha chenji. Ine ndinakulira kubusa, ndipo ndikudziwa kusiyana kwa nkhunzi ndi ng'ombe yofula. Tsono ndikufunsa zinthu ziwiri. Kodi zizindikiro zimene ndatchulazi zikutanthauzadi kuti testosterone yanga yachepa? Nanga ndikayamba kubaya, kodi ndisanduka munthu waukali amene ana anga azimuthawa?

Wachipatala wa ku Zomba

Achimwene, mwachita bwino kufunsa musanabaye, ndipo ndiyamba ndi chinthu chimene simunachifunse koma ndicho chachikulu pa zonse zimene mwalemba. Mwanena kuti inu ndi mayi a kunyumba mukufuna mwana wachitatu. Jakisoni wa testosterone amaimitsa kapangidwe ka mbewu ya abambo. Zimachitika motere: testosterone yochuluka ya mwamuna imapangidwa m'machende, koma lamulo loti ipangidwe limachokera kuubongo, kudzera m'kachiwalo kakang'ono ngati nsawawa kotchedwa pituitary, kamene kamatumiza mahomoni awiri (timadzi tonyamula uthenga kudzera m'magazi), ina yolamula machende kupanga testosterone, ina yothandiza kupanga mbewu. Ubongo umakhala ukuyeza kuchuluka kwa testosterone m'magazi nthawi zonse. Mukabaya yochokera m'botolo, ubongo umaona kuti yakwana kale n'kusiya kutumiza lamulo lija, machende amaleka ntchito ndipo nthawi zambiri amafwota, mbewu nayo imachepa kapena kutheratu. Zimenezi n'zodziwika kwambiri moti bungwe la World Health Organization linayesapo jakisoni ameneyu ngati njira ya kulera ya abambo, ndipo zotsatira zimene linatulutsa mu 1990 ndi mu 1996 zinaonetsa kuti amuna ambiri amene ankabayidwa sabata iliyonse mbewu yawo inatsika kufika posapereka pathupi. Munthu akasiya kubaya mbewu imabwerera, koma zimatenga miyezi yambiri, ena chaka kapena kuposerapo.

Tsopano pa funso lanu loyamba. Kutopa, kukula kwa mimba ndi kuchepa kwa chilakolako zikhoza kubwera chifukwa cha kuchepa kwa testosterone, koma zimabweranso chifukwa cha matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi, kuchepa kwa magazi, vuto la chithokomiro, nkhawa yokhalitsa, mowa, ngakhalenso kusagona mokwanira. Palibe dokotala amene angadziwe chimene chikukuvutani pongokuyang'anani, nanji mnzanu wa kuntchito. Njira yake ndi kuyezetsa magazi, ndipo osati kamodzi kokha. Testosterone imakwera munthu akagona n'kumatsika pamene tsiku likupita, choncho magazi amatengedwa m'mawa munthu asanadye, kawiri pa masiku osiyana. Madokotala ambiri amayamba kukayikira ngati zotsatira zonse ziwiri zili pansi pa 300 ng/dL, zomwe pa muyezo umene amagwiritsa ntchito ku South Africa ndi pafupifupi 10 nmol/L, ndipo ngakhale zitatero amafufuzabe chimene chaitsitsa asanalembe mankhwala. N'zoona kuti mwamuna akamakula testosterone imatsika, koma imatsika pang'onopang'ono, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 100 alionse pa chaka kuyambira zaka za m'ma 30 kapena 40, kotero ukulu wokha sungafotokoze kusintha kwakukulu kumene kwakuchitikirani m'chaka chimodzi.

Ine ndikadakhala kuti ndikukuonani maso ndi maso, ndikadayamba ndi tulo ndi mimbayo. Mu 2011 ofufuza a ku Chicago anatenga anyamata athanzi n'kumawalola kugona maola asanu okha usiku uliwonse kwa sabata imodzi, ndipo testosterone yawo ya masana inatsika ndi magawo 10 mpaka 15 pa 100 alionse. Imeneyo inali sabata imodzi yokha. Inu mwakhala zaka zisanu ndi chimodzi mukugona masana, mwina m'chipinda chimene anzanu amalowa ndi kutuluka, wailesi ikulira, dzuwa likulowera pazenera. Mafuta a pamimba nawonso sangokhala chete, chifukwa amasandutsa gawo la testosterone kukhala estrogen, homoni imene imachuluka mwa akazi, ndipo zimenezi zimapangitsa ubongo kuchepetsa lamulo lake lija. Amuna onenepa kwambiri akachepetsa thupi, testosterone yawo imakwera yokha popanda jakisoni. Muganizirenso ngati mumamwa mankhwala opha ululu amphamvu monga tramadol nthawi yaitali, kapena ngati mumaliza mkonono mpaka kubanika kutulo, chifukwa zonsezi zimaitsitsa.

Sindikunena kuti mankhwala a testosterone ndi oipa. Alipo amuna amene machende awo anaonongeka ndi ngozi, ndi matenda kapena ndi mankhwala a khansa, ena anabadwa ndi vuto lotchedwa Klinefelter, ena ali ndi chotupa pa pituitary, ndipo kwa iwowa mankhwalawa amabwezeretsa mphamvu, chilakolako, kulimba kwa mafupa ndi magazi. Kafukufuku wamkulu wotchedwa TRAVERSE, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2023 ndipo anakhudza amuna oposa 5,000 a zaka 45 mpaka 80 ku United States, anapeza kuti opatsidwa testosterone pa mlingo wa kuchipatala sanadwale mtima kapena sitiroko kuposa anzawo, komabe vuto la kugunda kwa mtima mosalongosoka ndi kuundana kwa magazi m'mapapo linapezeka mochulukirapo pang'ono mwa iwo kuposa mwa anzawowo. Amenewo anali amuna oyezedwa, opatsidwa mlingo wochepa, amene madokotala ankawayang'anira. Testosterone imachulukitsa maselo ofiira mpaka magazi kukhala olemera, n'chifukwa chake wolandira mankhwalawa amayezedwa magazi pafupipafupi, ndipo prostate yake, kachiwalo ka amuna kamene kali pansi pa chikhodzodzo, imayang'aniridwanso. Kabotolo kamene mwaonetsedwako palibe amene akudziwa chimene chilimo, mlingo wake, kapena ukhondo wa malo amene kanadzazidwira, ndipo ku South Africa mankhwala amenewa saloledwa kugulitsidwa popanda kalata ya dokotala.

Chomaliza n'chakuti ngati vuto silili pa chilakolako chokha koma chida cha abambo chikukanikanso kudzuka, musachedwe kuyezetsa shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Mitsempha ya kumeneko ndi yaing'ono kuposa ya kumtima, kotero ndi imene imayamba kuonetsa kuti magazi sakuyenda bwino, nthawi zina zaka zingapo mtima usanayambe kuvuta.

Mayi wa ana atatu, Leicester

Bambo, ndawerenga uthenga wanu kawiri ndipo ndaona kuti ndisakhale chete, chifukwa njira imene mukuiganizirayo banja langa linadutsamo. Bambo a kunyumba kwanga anayamba kudzibaya mankhwala amenewa mobisa pamene tinkafuna mwana wathu womaliza. Ine ndinangoona kuti mapewa akukula, ziphuphu zatuluka kumsana ngati mnyamata wongotha msinkhu kumene, ndipo malaya amene ndinkawasita sakuwakwananso. Chaka chinatha pathupi osaoneka. Monga mukudziwa mmene zimakhalira kwathu, maso onse anali pa ine, ndipo ndine amene ndinkapita kuchipatala mwezi ndi mwezi, kutengedwa magazi, kuunikidwa, apongozi kumudzi akufunsa pafoni. Tsiku limene adokotala anapempha kuti bambonso ayezedwe, m'umuna wawo simunapezeke mbewu ngakhale imodzi. Ndi pomwepo pamene anaulula, ndipo titafika kunyumba anatulutsa timabotolo ndi masingano m'bokosi la nsapato limene linali pamwamba pa kabati.

Chimene anthu ogulitsa sanena ndi zimene zimachitika munthu akasiya. Kwa miyezi ingapo bambo anali ngati munthu wina, ofooka, osafuna kuyankhula ndi aliyense, chilakolako chitatheratu kuposa poyamba, chifukwa thupi lawo linali litaiwala kupanga lokha. Panapita pafupifupi chaka kuti zinthu zibwerere m'malo mwake, ndipo mwana wathuyo tsopano akuyenda. Pempho langa kwa inu ndi lakuti muwauze mayi a kunyumba zimene mwatiuza pano. Mwanena nokha kuti akuganiza kuti muli ndi wina. Mkazi amapirira matenda a mwamuna wake mosavuta kuposa kukayikira, ndipo ine chimene chinandipweteka kwambiri si kuchedwa kwa mwana ayi, koma kudziwa kuti chaka chonse ndinkadziimba mlandu pa chinthu chimene mnzanga ankachidziwa.

Mphunzitsi wopuma wa ku Kasungu

Za chipatala ayankha bwino anzathu pamwambapa, ine ndifuna ndikhale pa funso lanu lachiwiri, la ukali, chifukwa ndinaliphunzitsa kwa zaka zambiri ndipo ndimaona kuti anthu timalifupikitsa kwambiri. Fanizo lanu la nkhunzi ndi ng'ombe yofula si lolakwika, ndipo sayansi ya nkhaniyi inayambira pa ziweto zomwezo. Mu 1849 katswiri wina wa ku Göttingen m'dziko la Germany, Arnold Berthold, anathena atambala n'kuona kuti asiya kulira, asiya kumenyana, sakuthamangitsanso nkhuku zazikazi. Ena mwa iwo anawabwezeretsa machende powaika m'mimba, pamalo pamene sanalumikizike ndi minyewa yawo yakale, ndipo atambalawo anakula ngati atambala enieni. Apa anazindikira kuti pali chinthu chimene machende amathira m'magazi. Chinthucho chinadzapatulidwa ndi kupatsidwa dzina loti testosterone mu 1935 ku Amsterdam, ndi gulu la Ernst Laqueur, ndipo chaka chomwecho Adolf Butenandt ndi Leopold Ruzicka anapeza njira yochipangira, ntchito imene inawathandiza kupata mphoto ya Nobel mu 1939. Kotero n'zoona kuti homoni imeneyi imakhudza khalidwe. Funso ndi lakuti imalikhudza motani mwa munthu, amene ali ndi maganizo, chikumbumtima ndi anthu omuzungulira.

Mu 1996 gulu la Shalender Bhasin ku United States linabaya amuna athanzi mamiligalamu 600 sabata iliyonse kwa milungu khumi, mlingo woposa kutali umene thupi limapanga lokha. Minofu inakula, ngakhale mwa amene sankanyamula zitsulo, koma ukali wawo sunasinthe. Mu 2000 gulu la Harrison Pope linachita zofanana, ndipo mwa amuna 50, ochuluka kwambiri sanasinthe khalidwe, asanu ndi mmodzi anasintha pang'ono, koma awiri anasintha kwambiri, kukhala osakhazikika ndi aukali. Mukaika ziwirizi pamodzi mukuona kuti mlingo waukulu suipitsa aliyense, koma ulipo mtundu wa anthu umene umawasokoneza zedi, ndipo palibe njira yodziwira pasadakhale kuti inu muli mbali iti. N'kutheka kuti mnzanu uja ali m'gulu laling'onolo, makamaka ngati akusakaniza mankhwala angapo monga amachitira ambiri onyamula zitsulo.

Kafukufuku amene amandigwira mtima kwambiri ndi wa ku Zurich wa mu 2010. Amayi anapatsidwa ena testosterone, ena mankhwala opanda kanthu, osauzidwa kuti wina walandira chiyani, kenaka anawauza kuti agawane ndalama ndi munthu wina amene anali ndi ufulu wokana gawo lake ngati laperewera. Amene analandiradi testosterone anagawa mwachilungamo kuposa anzawo. Koma amene ankakhulupirira kuti alandira testosterone, kaya analandiradi kaya ayi, ndi amene anagawa mwaumbombo. Apa ndimaona kuti mbiri ya homoniyi ili ndi mphamvu yakeyake yosiyana ndi homoni yeniyeniyo. Akatswiri ambiri masiku ano amati testosterone imakulitsa chidwi cha munthu pa ulemu wake pakati pa anzake. Pamene ulemu umapezeka ndi chibakera, imakankhira kuchibakera, ndipo pamene ulemu umapezeka ndi kuolowa manja kapena kuweruza mlandu mwanzeru, imakankhira kumeneko. N'chifukwa chake sindivomereza mwamuna akamenya mkazi wake n'kumati ndi chibadwa cha amuna.

Ndipo sikuti homoni yokha ndiyo imalamula khalidwe, khalidwenso limalamula homoni. Ku Cebu, m'dziko la Philippines, ofufuza anatsatira anyamata 624 kwa zaka zinayi ndi theka, ndipo mu 2011 anafalitsa zoti amene anali ndi testosterone yochuluka ndi amene kawirikawiri anapeza mabanja ndi kubereka, koma atangokhala atate, testosterone yawo inatsika ndi magawo 26 pa 100 m'mawa ndi 34 pa 100 madzulo, ndipo inali yotsika kwambiri mwa amene ankasamalira ana maola atatu kapena kuposa pa tsiku. Kufupi ndi kwathu kuno, ku Tanzania, kafukufuku wa mu 2009 anayerekeza mitundu iwiri yoyandikana. Pakati pa Ahadza, kumene abambo amanyamula ana, kuwadyetsa ndi kugona nawo pafupi, atate anali ndi testosterone yotsika kuposa amuna opanda ana. Pakati pa Adatoga, abusa a ng'ombe amene abambo sakhala kwambiri ndi makanda, kusiyana kumeneko sikunaoneke. Ndiye kuti thupi la mwamuna limatsitsa lokha homoniyi ikafika nthawi yolera, ndipo kutsika kwina si matenda oti munthu athamangire jakisoni.

Mlonda wa ku Ntcheu

Ndathokoza kwambiri nonsenu, makamaka inu mayi, chifukwa zimene mwafotokozazo zinandikhudza mpaka ndinaimbira foni kunyumba Lamlungu n'kuwauza mayi a ana anga zonse. Anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anati akadakonda ndikadawauza pa Khirisimasi pomwe paja. Mnzanga uja ndamuuza kuti sindigula. Dzulo ndinapita kukiliniki, ndipo anapeza kuti kuthamanga kwa magazi kwakwera, shuga nayenso wapitirira pang'ono mlingo wake, moti andiuza kuti ndibwerenso ndisanadye kuti akatsimikize. Za testosterone akuti ndikayezetse m'mawa. Apa ndi pamene ndasokonezeka, chifukwa m'mawa wa anthu ena kwa ine ndi nthawi imene ndikuweruka kuntchito ndisanagone n'komwe. Kodi ndipite nthawi yanji? Funso lina ndi la gondolosi ndi timapaketi ta mankhwala a zitsamba timene amagulitsa pamsika ponena kuti timawonjezera mphamvu za abambo. Kodi zimenezi zimakweza testosterone, ndipo ndingamagwiritse ntchito podikira zotsatira?

Wachipatala wa ku Zomba

Funso la nthawi mwafunsa bwino, achimwene, chifukwa mukapita kukayezetsa mukuchokera kuntchito, mutakhala maso usiku wonse, zotsatira zikhoza kutuluka zotsika ngakhale thupi lanu lilibe vuto. Testosterone imatsatira tulo kuposa mmene imatsatirira dzuwa. Muwauze oyezawo kuti mumagwira ntchito usiku, ndipo ngati muli ndi masiku opuma otsatizana, mugone usiku wonse kwa masiku awiri kapena atatu, kenaka mupite m'mawa mutangodzuka, musanadye kapena kumwa tiyi wa shuga. Musayezetse pamene mukudwala malungo kapena chimfine chachikulu, chifukwa matenda alionse amaitsitsa kwa kanthawi. Zikadzatuluka zotsika kawiri konse, muwakumbutse adokotala kuti mukufuna mwana, chifukwa alipo mankhwala ena amene amadzutsa machende kuti apange okha m'malo mowagonetsa.

Gondolosi anthu akhala akutafuna kuyambira kale, koma kafukufuku wambiri wa muzu umenewu anachitikira pa makoswe, ndipo ine sindingakuuzeni kuti muudalire pa vuto limene layamba kale kuonetsa shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Timapaketi ta pamsika ndi timene ndikukuletsani kwenikweni. Mabungwe oyang'anira mankhwala m'maiko angapo akhala akupeza kuti tambiri mwa timeneti timathiridwa sildenafil mobisa, mankhwala omwe ali mu Viagra, pa mlingo wosadziwika, ndipo munthu amene akumwa mankhwala ena a mtima akhoza kukomoka nawo chifukwa kuthamanga kwa magazi kumatsika mwadzidzidzi. Popita kukiliniki ulendo winawu mutenge mankhwala alionse amene mumamwa, ngakhale a mutu kapena a msana, muwaonetse anamwino, ndipo muwapemphe akuyezeni m'chiuno ndi tepi kuti mukhale ndi nambala yoyambira imene muzidzayerekeza nayo pakatha miyezi itatu.